Gitala Lopanda Mutu

Linabwera Lachinayi ndi munthu wa basi ya ku Joni,
m'chikwama chachifupi ngati cha ambulera.
Ndinalilandirira pa Chitakale, chiperoni chikuwaza.
Nditatsegula zipi, wakabaza wina anasuzumira:
"Ili alithyola pa bodala, kadandauleni."
Khosi linangothera m'malere.
Pomwe payenera kukhala mutu
pali kachitsulo kakuda koluma nsambo zisanu ndi imodzi,
basi.

A Namakhwa, kalipentala wa kuseri kwa chigayo,
analitembenuza kawiri, nanunkhiza thabwa lake.
"Si mkungudza uwu. Koma sowo sinalakwe apa,
taonani mmene asalazira.
Wopalayo anafuna kuti lithere pomwepa."
Makutu ake anakawapeza kumatako,
tizitsulo topota, tondandalikana
ngati timavavu ta matayala a njinga.
"Nyama yanji yomvera kumbuyo?"
Anaseka mpaka kutsokomola utuchi,
nandiuza ndiwagulire chigumu chifukwa cha kuyang'ana kokhako.

Kapepala ka Layisoni kanali ka mizere itatu.
Kasipanala kali m'thumba lam'mbali, usakataye.
Nsambo ikaduka, manga kumwamba, kungira pansi.
Moni kwa onse.
Za kubwera sanalembe.

Lamulungu ndinalikoleka paphewa.
Lakale lija, la mpingo, ukangolisiya linkagwetsa mutu
ngati mbuzi yoona msipu,
dzanja lamanzere n'kumagwira maganyu awiri,
kuliza ndi kunyamula.
Ili limangokhala pamimba phee,
lopepuka ngati dengu la tiyi m'mamawa lisanalawe tsamba.
Mu minibasi ya ku Limbuli ndimalifungata pamiyendo,
silikola diso la munthu, siligogoda galasi,
kondakitala amasowa ponditchajira.
Amayi a kwaya ananong'onezana kumbuyo,
wina akuti chopanda mutu chisalowe m'nyumba ya Mulungu.
Magetsi atabwera, ampu itatsokomola,
nsambo yaikulu inanjenjemeretsa malata
ndipo amayi omwe aja ndi amene anayamba kuwomba m'manja.

Bambo anga anadulira tiyi zaka makumi atatu ku esiteti.
Analiyang'ana nthawi yaitali ali pakhonde,
akusisita bondo lawo lovuta lija.
"Tiyi ukamulekerera amasanduka mtengo,
wamtali, wonyada, wopanda nsonga yothyola.
Timamudula mutu kuti aphuke."
Atatero anabwerera ku wailesi yawo.
Sindinadziwe ngati akunena gitala
kapena nyumba yathu ino,
imene mwana wachisamba ali kuseri kwa malire atatu
chaka chachisanu ndi chiwiri tsopano,
ife n'kumaphuka ndi ndalama zake, malata, fizi ya Elufe,
mankhwala a bondo lomwelo.

Chondivuta ine ndi dzanja langali.
Nsambo ikasochera pakati pa nyimbo
limathamangira kumwamba kumene linazolowera
n'kugwira mphepo.
Zala zimapota kanthu komwe palibe,
mnyamata wa ng'oma n'kumaseka mobisa.
Miyezi inayi, silinaphunzirebe.
Amayi nawonso madzulo amatulutsa mbale zisanu
n'kubweza imodzi mwakachetechete,
ife timayang'ana kumbali.

Dzulo phiri linafunda mtambo mpaka m'mapewa,
Sapitwa osaoneka tsiku lonse,
koma madzi a Likhubula ankatsikabe ndi phokoso lawo.
Ndinakhala pakhomo, waya ku batire ya galimoto,
ndikupota timavavu tija kamodzikamodzi
mpaka nsambo zonse zitamvana.
Ndinajambula pafoni kanyimbo kathu ka ku Sande sukulu,
kaja ankandimenyera m'mutu ndikaphonya.
Ndinaphonya dala pamalo pomwepo.

Ndatumiza.
Pachongeka kamodzi kokha, kotuwa.
Mabandulo atha mawa m'mawa.