Sitetimenti

Sikelo ya ku esiteti sinandiberepo tsamba.
Kapitawo amawerenga mokweza, tonse tikumva:
Felesta Nakhumwa, makilo makumi anayi ndi awiri.
Msana umawawa, koma nambala imakhala poyera.

Ku banki ndiye ndalama zimaonda usiku.

Witinesi, mwana wa mchemwali wanga, wa Fomu 3,
anayala mapepala aja pa mkeka
n'kumadula mizere ndi bolopeni yofiira.
Apa akuti yosungira akaunti.
Apa ya mauthenga a pafoni,
foni imene inamira mu Likhubula mvula ya chaka chatha.
Apa ya khadi lomwe sindinalione n'komwe.
Apa chindapusa, poti ndalama zinachepa,
chonsecho ozichepetsa ndi iwo omwe.
Miyezi khumi ndi isanu ndi inayi akunyenya.
Pansi analemba K63,400, n'kundiyang'ana.

Ndinapita pa kauntala katatu.
Koyamba manijala anali ku Blantyre.
Kachiwiri netiweki inali itagwa.
Kachitatu mtsikana wa zikhadabo zopenta anati,
“Mayi, munasayina nokha.”
Ndinadinda chala, inde.
Chala sichiwerenga.

Ku khoti la pa boma, kalaliki wa magalasi omanga ndi ulusi
anafunsa kawiri: “Mukusumira banki? Inuyo?”
Ya samani ndinalipira ndi thadzi langa loikira.

Tsiku la mlandu chiperoni chinaphimba phiri mpaka m'mapazi.
Loya anatsika m'galimoto yoyera,
nsapato zake zosadziwa dothi lofiira,
n'kundikodola kuti tikaime pakhonde.
“Tisatopetse bwalo, mayi. Zikwi makumi awiri, lero lomwe.
Sikuti talakwa, n'chifundo chabe.”

Ndinagulitsapo nanazi pa Chitakale ine.
Mtengo woyamba ndi moni.

“Makumi atatu.”
Ndinakonza duku.
“Makumi anayi ndi zisanu.”
Anayang'ana wotchi, n'kuyang'ananso,
ndipo ndinazindikira kuti ola lake ndi lodula.
Langa tsiku linali litapita kale,
dengu langa lili chadodolido kunyumba.
Ndinati: zonse, ndi ya samani,
ndi ya minibasi maulendo anayi,
ndi makilo a lero amene sindinathyole.

Anakaimbira foni kuseri kwa chimbudzi.
Ine ndinadya chinangwa changa.

Atabwera, makilo anakana, minibasi anakana.
Zina zonse anavomera, pepala lili kale m'chikwama,
ngati ankadziwa asananyamuke.
Witinesi anawerenga ndi chala, pang'onopang'ono,
n'kuima pa mzere womaliza:
wolandira asauze munthu aliyense.

“Fufutani uwo.”
“Tikafufuta tichotsapo zikwi zisanu.”

Zikwi zisanu ndi sopo, mchere, makope awiri.
Ndinaziona zikutuluka pageti,
ndipo mtima unazitsatira kamtunda ndithu.
Kenako ndinati, fufutani.

Majisitireti sanatisunge.
Anafunsa ngati tagwirizana, anadinda,
anaitana mlandu wa mbuzi.
Ndinatuluka ndi miyendo yonjenjemera,
sindikudziwa ngati inali njala.

Ndalama zinalowa patapita milungu itatu.
Ndinazitapa zonse m'mawa womwewo,
zisanagone kumeneko usiku wina.

Lolemba, m'mizere ya tiyi, mame ali m'chiuno,
Mai Mulipa anandikoka chitenje:
“Akuti munaigwetsa banki.”
Ndinati ayi, ili chiimire, yapentedwanso kumene.
Ndangotenga zanga, osatinso zonse.

Koma Loweruka madzulo pakhomo panga panali nsapato za anthu asanu ndi awiri,
aliyense ndi mapepala opindidwa m'jumbo ya shuga.
Bolopeni ya Witinesi inatha inki pa munthu wachinayi.
Tinatuma mwana kugolosale.