Pansi pa Bolodi la ku O.R. Tambo

Ndimakolopa pansi pa bolodi lalikulu
usiku, chisanu cha Joni chitalowa m'mawondo.
Atlanta: maola khumi ndi asanu ndi limodzi.
Bambo uyo pa benchi
wavula kale nsapato, wakumbatira pilo.
Mawa adzatsika kutsidya kwa nyanja yamchere
ndevu zitangomera pang'ono.

Chileka: maola awiri basi.
Awiri! Sindinafike n'kuzimbudzi komwe ndi chidebechi.
Koma ine kwathu n'kwa pa basi,
Beitbridge, Nyamapanda, Zobue,
masiku awiri, mapazi atatupa ngati mabanzi,
ndalama zili m'sokosi.

Nthambi anabadwa ndili kuno.
Akuti tsopano amawerenga mpaka teni,
amadumpha seveni.

Ndafinya mopu.
Ndikamadzutsa mutu, Chileka yafufutika,
pamalo pake palembedwa Dubai.