Kuyambira Kuchumuni Mpaka Kunyongolotsi

Ndaimika basi kudepoti, ndafika, ndavula jekete,
pathebulo akundidikira mapepala atatu
amene Lorna wawapsinja ndi botolo la mchere.

Loyamba ndi la fulati, nsanjika yachisanu ndi chimodzi,
mawindo oonera Sheffield yense mpaka kumapiri.
Akuti makoma ndi ako, nthaka ndi ya wina,
zaka makumi asanu ndi anayi kudza zisanu ndi zinayi,
kenako ibwerere kwa mwini amene sitidzamuona nkhope.
Ndaseka. Ine wa mawondo olira pamasitepe
ndiziopa tsiku limene mdzukulu wanga yemwe adzakhala fumbi?
Lorna sanaseke.
Akuti chaka ndi chaka kalata izibwera:
ya denga, ya chikepe, ya kapinga amene sitinamupondepo.

Lachiwiri ndi la kanyumba ka ku Walkley,
kothinana ndi tinzake ngati mano,
kathukathu kuyambira kuchumuni mpaka kunyongolotsi.
Tinakakaona Loweruka, mvula ikuwaza.
Chinyezi chajambula mapu pakhoma la kukhitchini.
Lorna anaponda thabwa la pansi, linayankha mokayika.
Kumeneko denga likadontha palibe womuimbira foni,
mwini ndiwe, wolakwa ndiwe, makwerero ndi ako.

Lachitatu ndi lija logawana:
ugule kotala, yotsalayo uzilipira lendi.
Ndafunsa kuti kotala yathuyo ndi iti,
bafa kodi, kapena pogona galu paja?

Zaka makumi awiri ndi ziwiri
takhala m'nyumba ya bambo Ackroyd
osakhoma msomali tisanapemphe.
Chithunzi cha ukwati wathu chikadali pansi,
chotsamira khoma, kuseri kwa sofa.

Tiyi wazizira.
Lorna watenga cholembera, wachiika, wachitenganso,
akuwerengetsa ndi milomo yokha.
Ine mtima uli pa nyundo ya malemu bambo anga
imene yagona m'katoni pamwamba pa kabati,
ndi pa mtengo wa apulo wopindika uja kuseri ku Walkley,
umene wogulitsa nyumba anaupepesera
ngati mwana wosasamba alendo atabwera.

Panja basi ya usiku yadutsa, ndaidziwa ndi kulira kwa mabuleki.

"Chinyezi chija," akutero Lorna, maso ali papepala,
"Desmond wa kuntchito kwanu uja
paja amadziwa za makoma, eti?"