Batani Lachitatu

Batani lachitatu la chovala changa choyera chophunzitsira
silinafikepo pa bowo lake
chibadwire Nelito.
Awiri apamwamba amalowa mosavuta,
apansi ndimachita kuwanyengerera,
koma ili la pamchombo penipeni
limangoyang'anizana ndi bowo
ngati anansi olimbirana malire a dimba.

A Bonifasiyo, telala wa pakhonde mumsika wa Ulongwe,
anali atanyowetsa kale ulusi ndi malovu:
"Tingolisuntha, aphunzitsi, mametikali makumi awiri basi."
Ndinati lisiyeni pomwepo.
Amene anasuntha ndi ine.

Ku sikelo timapita awiri.
Iye amam'pachika m'kathumba, miyendo lendelende,
muvi ukakwera tonse timaseka.
Anzanga akayamba kubereka ana kumsana
ine ndimavula nsapato, kukwera yanga yapansi,
kupempha muvi kuti ubwerere m'mbuyo.
Makilo ambiri anachoka okha,
anapita ndi mkaka, matewera ndi usiku wosagona.
Anatsala anayi,
alendo amene amva kuti basi yomaliza yapita
ndipo ayala kale mphasa.

Anamwino a Deolinda sanandilembere mankhwala.
Anafunsa, mu tiyi mumathira masupuni angati?
Ndinati awiri. Anandiyang'ana. Ndinati anayi.
"Musadzimane chakudya, mwana akuyamwa.
Mbale ndi yomweyo, mungosintha okhalamo."

Choncho mafuta ndinaleka kuthira ndi botolo,
ndimayeza pa supuni ngati mankhwala a chifuwa.
Nkhwani, chisoso, bonongwe womera yekha kuseri kwa khola
anatenga theka la mbale.
Nyemba za ku Domwe, kapenta wouma, dzira lowiritsa.
Kachewere yemweyo wa ku Tsangano
ndimam'phika ndi makoko ake, osam'sambitsa m'chiwaya.
Mtanda wachitatu ndimausiya m'bakuli
ndipo sunandilirirepo.

Povuta ndi pa teni koloko,
belu likalira, mayi wa mandasi atakhala pa geti,
fungo n'kulowera pa zenera losweka
kudzakhala pa benchi yakutsogolo.
Ndimatulutsa nthochi, kapena mapichesi ikakhala nyengo yake,
ndi mtedza wodzaza chikhatho.
Lachinayi lina ndinagonja. Ndinagula atatu,
ndinadyera kuseri kwa ofesi ngati mwana wothawa mayeso.
Anali okoma, ndisaname.
M'mawa mwake ndinangoyambiranso, osadzitukwana.

Mlamu wanga Gilda anabwera ndi nkhuku yokazinga ndi nkhawa:
"Anthu aziti achimwene sakukudyetsani.
Mkazi wosamalidwa amaonekera m'masaya."
Ku mjigo ena ananong'onezana za matenda,
poti kwathu kuno kuonda kulibe mbiri yabwino.
Ndinam'patsa mwana kuti anyamule.
Anati, "Iii, koma kulemera!"
Ndinati ndi komweko zikupita.
Nkhukuyo tinadya tonse, ine ntchafu imodzi.

Miyezi isanu.
M'mawa wina wa Juni, nkhungu itameza mapiri a Angoniya,
nditachedwa, choko m'thumba, Nelito akukoka chitenje,
ndinamanga mabatani osaganiza,
ndipo ndinafika pa mlatho ndisanazindikire
kuti chisanu sichikulowa pamimba.

Lalowa, mothina pang'ono.
Mizere ya pamimba ikadalipo,
yotuwa ngati choko chokana kufufutika pa bolodi.
Chiuno sichinabwerere kwa mtsikana wa pa chithunzi cha ukwati,
ndipo kilo imodzi yakanitsitsa, yawotcha njerwa, yafolera malata.
Ikhale.
Ndi pomwe Nelito amatsamira akakhuta.

Ndikamadutsa pakhonde paja
a Bonifasiyo amaimitsa phazi pa makina:
"Nanga batani lija?"
Ndimati lili pomwe munalisiya,
kenaka ndimapita kukagula tomato.