Kabuku ka Ruolan

Usiku ku Stockport, m'nyumba yosamalira okalamba,
tikamaliza kutembenuza onse ogonera mbali imodzi,
Ruolan amatulutsa kabuku kake kachikasu
kodontheredwa khofi m'mphepete.
Kumanzere amalemba mawu a eni dziko,
kumanja tizilembo takwawo, tothithikana ngati makola a nkhunda,
pakati amasiya mpata woti ine ndidzazemo.

"Mwandida," akutero, manja ali njenjenje,
"abwana akuti ndapha. Ndapha yani?
Mapiritsi ndinawerenga kawiri."
Ndikuti khala pansi, mwanawe, puma.
Kuno ukagwira ntchito bwino, wapha.
Ukaposa pamenepo, waphwanya.
Ukamakwera pa nsanja amakufunira kuthyoka mwendo,
nyimbo ikawakomera amati ndi yodwala.
Akulemba, akupukusa mutu:
"Anthu awa amayamikira ndi ngozi zokhazokha."

Ndinatenga nthawi kumuuza kuti nafe tili nazo.
Kwathu ku Balaka, munthu akamalankhula Chingerezi chosalala
timati akuthyola chizungu.
Kuno chizungu chothyoka ndi chija amakubwerezetsa kawiri ku banki,
akukweza mawu ngati ndiwe gonthi.
Ndinabwera kudzathyola.
Ndinapeza akuti changa chinathyoka kale.

M'chipinda chachisanu ndi chinayi mumagona bambo Ollerenshaw.
Pakhoma pali chithunzi chofwifwa:
mnyamata wa tsitsi lonyezimira mafuta, lipenga pakamwa.
"Ndinali tchizi chachikulu ine," amatero,
Ruolan n'kuthamangira kabuku.
Tchizi? Munthu?
Kwawo, akuti, munthu akatchuka amafiira,
akatchukitsa amapsa mpaka kuoneka ngati biringanya.
Ine ndikuti kwathu amangoti uyu ndi dolo,
zake zayera, dzina lamveka mpaka kutsidya.
Mkuluyo akuseka mpaka kutsokomola:
wina wafiira, wina wayera, iye wasanduka chakudya cha mbewa.

Mkuluyu sakhutira ndi mawu osathira magazi.
Mvula yamagazi, bondo lamagazi,
tiyi wamagazi wazizira.
Supu ikamukomera amati yakoma mwakufa.
Ruolan anazilemba zonse pa tsamba limodzi,
pamwamba n'kujambula kamtanda kofiira:
izi osanena pamaso pa abwana.

Mu Malichi zotsatira za mayeso aunamwino zinatuluka.
Anamukumbatira m'khichini, akukuwa kuti wapha, waphwanya, ukuyaka moto.
Iye anangotenga pepala kupita nalo kuchipinda chija.
Mkulu anafuna magalasi, anawerenga pang'onopang'ono,
chala chikutsata mzere,
kenako anati: "Sizoipa."
Basi.
Ndinamupeza pochapira, akupukuta m'maso ndi mkono.
"Zaka zitatu, Mwandida, ndiye sizoipa?"
Ndikuti lemba limeneli ndi zilembo zazikulu.
Mngerezi wachikale akati sizoipa
ndiye kuti wakuvulira chipewa, wakuimbira nthungululu,
kumtunda kwake kulibenso mawu ena.

Patapita sabata ziwiri tinapeza bedi litayalulidwa,
zenera lotsekula, lipenga lili m'katoni.
Palibe ananena za kufa tsiku limenelo.
Anthu omwewa opha ndi kuphwanya tsiku lililonse
anatsitsa mawu, nati: wadutsa.
Ruolan anandiyang'ana.
Ndi liwu lomwelo linalembedwa pa pepala lake la mayeso.

Anatsekula kabuku, anapeza tsamba,
wadutsa, mmodzi pamwamba, wina pansi,
nandipatsa cholembera kuti ndidzaze pakati.
Ndikanalemba kuti uyu wakhoza, uyo watisiya.
Koma belu la chipinda chachitatu linalira,
mayi Threlfall akufuna madzi,
ndipo mpatawo ulipobe mpaka lero.