Uta wa Mlonda

Kuseri kwa msika wa Ndirande,
pomwe anzake akukhoma mbaula,
Che Mdoka akupala tenza ndi phale la botolo.
Alibe tepi. Amaponda nsonga, kukoka, kumvetsera.

"Pakati pakukanabe," akutero,
napalanso pogwirira penipenipo,
pomwe ine ndikadasiya ponenepa.
"Uta wouma pamimba umathyokera kunsonga.
Ugonje wonse,
mpaka chikhatho chimve kuti ukupuma."

Ndalipira theka, linalo pakutha pa mwezi.

Usiku uno pageti ku Namiwawa,
chiperoni chikulowa m'jekete,
ndaukoka pang'ono, wopanda muvi.
Wawerama m'dzanja langa
monga ndimaweramira galimoto ya bwana,
nuwongokanso.

Galu wadzutsa khutu limodzi,
wagonanso.