Mphenzi Yochedwa

Kwa Che Ajibu, kuseri kwa msika wa Chinamwali,
chitseko ndi chiguduli, mipando ndi zigwagwa
zotsika m'phiri pamitu ya anthu.
Handiredi kwacha pakhomo. Mkati fungo la thukuta,
la tchipisi cha pachiwaya, la malata otentha.
Ine malo anga pakona, posafika funso.

Paja ndili ndi chibwibwi.
Dzina langa lomwe limandikanirira pakhosi
ngati lole ya matabwa pachitunda cha Ku Chawe.
Bwa, Bwa, anzanga n'kumalizitsa okha:
wina Bwanali, wina Bwampini,
kalasi yonse kufa nalo phwete.
Mayi Nankhoma anasiya kundiloza.
Iwo ankati ndi chifundo.

Loweruka lililonse katuni wa ku Japan,
mawu ake owaika m'Chichewa.
Ana a maso ngati mbale, tsitsi ngati mutu wa chinanazi,
uyu kulavula moto, uyo kupinda mlatho ndi chala.
Koma wanga anali wowonda uja, wa nsapato zoyasama,
amene mphenzi yake inkachedwa.
Akaitana, kumwamba zii.
Chimphona chimuwomba, chimuponyera kukhoma,
mano m'fumbi, anzake aphimba kumaso,
iye dzanja lili m'mwamba, osalitsitsa,
akuwerenga chamumtima: kamodzi, kawiri, katatu,
ndiye phaa!
Ndinaonera kasanu n'kawiri.
Ndalama ya sopo inathera pamenepo.
Amayi mpaka lero amati ndinataya.

Tsiku lina sipika inapsa.
Kautsi pang'ono, fungo la waya, basi.
Zithunzi zikuthamanga, milomo ikugwedera, mawu palibe.
Tibwezereni ndalama zathu!
Che Ajibu akumenya bokosi ndi chikhatho, thukuta kamukamu.
Pakanema mnyamata uja ali chogwada, dzanja m'mwamba,
ndipo mawu akewo ndinali nawo ine,
onse, ngati mtedza m'thumba la kabudula.

Chinandiimiritsa sindichidziwa.
"Mu, mu, mu..."
Kuseka kunayambira kumbuyo n'kufika kutsogolo.
Ishumaili kundikoka malaya: khala pansi, aise.
Lilime chitsulo. Maondo madzi.
Ndinayang'ana dzanja lija. Silinatsike.
Kamodzi.
Kawiri.
Katatu.
"Mundimenye, koma ikubwera!"

Anatuluka onse, athunthu,
mpaka buluzi wa pamtanda anathawa.
Chete.
Kenako wina mumdima: Pitiriza, iwe!
Ndinapitiriza. Ndinakhala chimphona,
ndinakhala mtsikana wa mapiko a nkhwazi,
ndinakhala ngakhale galu wawo.
Ndinapunthwa pa mwala uliwonse wa mawu
ndipo chipinda chonse chinkadikira nane,
ana a kutsogolo akuwerenga mokweza,
kamodzi, kawiri,
mpaka magetsi anazima okha, monga achitira.
Che Ajibu anandibwezera handiredi yanga,
n'kuonjezapo chinangwa chootcha.

Musati ndinachira.
Zaka khumi ndi zinayi zadutsa,
pamalo paja pano amagulitsa matayala.
Ine ndili pawindo la mankhwala, chipatala chachikulu,
ntchito yanga kuitana mayina.
Inde, ine.
Mzere umafika kumtengo wa mbawa,
ndipo pali mayina ena, a Pindani, a Kalitera,
amene amaima pakhosi n'kukana kutsika.
Wina amatsonya. Wina amayang'ana wotchi.
Ine chiphaso chili m'mwamba, osachitsitsa.

Madzulo a dzinja ndikamatsika ku Mpondabwino,
mtambo utakhala paphiri ngati nduwira,
ching'aning'ani chimang'amba kumwamba
kenako zii.
Ogulitsa tomato amaleka kuwerenga chenje.
Akabaza amaponda pansi phazi limodzi.
Tauni yonse imadziwa kuti likubwera,
ndipo sindinaonepo munthu
akuseka bingu chifukwa lachedwa.